Za Mawu Otukwana a m'Kanema, ndi Iwo Owamasulira

M'nyengo ya masika kunabuka mlandu m'mudzi wina wa kuno ku Milonde, umene unafika pamaso pa akulu a Eklesia. Ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo okhala pansi kuumva. Mnyamata wa zaka 11 anatumidwa ndi amalume ake kukamasula mbuzi kudambo, ndipo iye, pokhala ali pakati pa anzake, anayankha ndi mawu owerengeka a Chingerezi, naseka, nanyamuka kumka. Koma amalumewo anagwira ntchito zaka zambiri ku Joni, nadziwa kuti mawu amenewo atcha mayi wobala munthu galu wamkazi; ndipo wobala iwo ndiwo agogo ake a mwana yemweyo, amene anali pakhonde pomwepo alikusenda chinangwa. Pamenepo anathyola kamtengo, namkwapula kolimba. Atate ake a mwanayo, ndiwo akamwini pamudzipo, anapsa mtima, amalume nati, "Ndinu mumphunzitsa zimenezi m'nyumba mwanu." Ndipo nyumba ziwiri zija zinaleka kupalana moto masabata atatu, Mgonero wa Ambuye ulikuyandikira.

Pamene tinamuitana mwana ndi kumfunsa tanthauzo la mawu aja, anayankha ndi misozi kuti, "Ndinayesa ndiko kunena kuti ndilikudza, pakuti msilikali wa m'kanema anatero ponyamula mfuti yake, ndipo womasulira anati, Ndikubwera, aise!" Akulu ena anaseka, koma ine kuseka kunandikanika, pakuti ndinaona kuti wopalamula weniweni sanali pabwalo pathu. Chifukwa chake ndinamka ndekha masiku angapo kukakhala pa benchi pamodzi ndi ana, kuti ndimve ndi makutu anga chimene adyetsedwa. Ndipo ndilemba pano chimene ndinapeza, chokoma ndi choipa chomwe.

Mudziwa inu nonse nyumba zija za kanema zili pa misika yathu, pa Limbuli, pa Muloza, ndi ponse pali magetsi, kapena jenereta, kapena sola: khomo lotchingidwa ndi chiguduli, mabenchi a matabwa, ndi chinkuzamawu panja choitana odutsa. Masiku ano kanemayo salindanso m'nyumbamo, pakuti alowa m'foni, namka kumudzi m'thumba la mwana. Zithunzi zambiri zichokera ku America, ku China, ku India ndi ku Nigeria. Ndipo popeza anthu athu ochuluka samva zinenero zimenezo, anauka anyamata ena m'mizinda, otchedwa ma DJ, amene aika mawu awo a Chichewa pamwamba pa mawu a eni ake. Machitidwe awo ndi awa: atsitsa liwu la wosewera polankhula iwo, nalikwezanso akatha. Chotero khutu la mwana lilandira ziwiri, mawu achilendo ndi mawu a kwathu, ndipo iye ayesa kuti awa ndiwo tanthauzo la aja. Tsono mawu achilendo amene akanirira m'khutu ndiwo aafupi, ofuula ndi obwerezabwereza, ndiwo otukwanawo.

Musayese kuti ntchito yomasulira kanema inayamba dzulo. Cha m'ma 1920 mbusa Ray Phillips anayamba kuonetsa bayisikopo m'makomponi a migodi ya ku Johannesburg, kumene ambuye athu ambiri anakumba golide. Ndipo iye anayamba waonera yekha chithunzi chilichonse, nadula zimene anaziyesa zosayenera. Kuyambira 1935 kufikira 1937 bungwe la mamishoni la International Missionary Council linayesa kupanga kanema wa anthu a kuno ku Africa, pa malo otchedwa Vugiri ku Tanganyika. Anapanga zithunzi 35, naika mawu ake pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, Chinyanja ndi Chitumbuka momwemo, nayenda nazo pa galimoto kufikira ku Nyasaland. M'chaka cha 1948 boma linakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury, ndiko ku Harare lero. Ndipo galimoto zake zikafika pamudzi, panaimirira munthu pambali pa nsalu kufotokozera khamu m'chinenero chawo. Womasulira wa masiku aja anaoneka nkhope, ndipo akanama, mfumu ndi aphunzitsi anali pomwepo kumdzudzula. Wa lero amveka liwu lokha, ndipo palibe womfunsa.

Ndiponso kanemayo mwini wake anasinthika. Kuyambira 1934 opanga kanema a ku America anadzimanga ndi malamulo otchedwa Hays Code, oletsa kutukwana ndi kuchitira mwano dzina la Mulungu. Kotero kuti m'chaka cha 1939 panali kukangana chifukwa cha liwu limodzi lokha, lakuti damn, m'chithunzi cha Gone with the Wind. Koma m'chaka cha 1968 malamulowo anachotsedwa, naika m'malo mwake zilembo zochenjeza; ndipo chilembo cha R chitanthauza kuti wosafika zaka 17 asalowe popanda kholo lake. Chaka chomwecho cha 1968 dziko la Malawi linaika lamulo lake loyang'anira zoonetsa ndi zosangalatsa, ndi bungwe losanthula zithunzi. Taonani tsono, zithunzi zambiri za nkhondo ndi za zigawenga zimene ana athu a Sitandade 4 aonera pamsika ndi zomwezo eni ake anazilemba chilembo chija, kuti ana awo a iwo eni asazione okha.

Mawu ovuta a m'kanema ali a mitundu iwiri, ndipo tiyenera kuilekanitsa, tingaweruze mosalungama. Mtundu woyamba ndiwo mawu ozimbaitsa, amene anyamata a dziko lililonse apanga kuti akulu asamve. M'kanema wa ku America munthu akatchedwa chicken, ndiyo nkhuku, anena kuti ngwamantha. Akatchedwa rat, ndilo khoswe, anena kuti aulula zinsinsi za anzake kwa apolisi. Ndipo akafunsa za dough, ndiwo ufa wokanda, afuna ndalama. Wa ku Nigeria akati wahala anena mavuto, akati oga anena bwana. Chithunzi cha Tsotsi cha ku South Africa, cha m'chaka cha 2005, chidzala ndi chinenero chosakaniza cha anyamata a m'malokeshoni a ku Johannesburg. Ifenso tili nawo athu: aise anachokera ku mawu a Angerezi akuti I say, mfana ndi madala anadza ndi obwera ku migodi. M'mawu otere mulibe tchimo mwa iwo okha. Koma ali nawo malo ake; ndipo mwana woitana atate ake madala pamaso pa alendo walakwira ulemu, angakhale sanatukwane.

Mtundu wachiwiri ndiwo kutukwana kwenikweni. Ndipo pano pali chinthu choyenera kuchizindikira, kuti mtundu uliwonse wa anthu utukwana ndi chimene uchiyesa chopatulika kapena chobisika. Ife titukwana ndi ziwalo za makolo, ndi ufiti, ndi ukapolo, ndi kusabala. Azungu olankhula Chingerezi atukwana ndi za kuchipinda, ndi kubadwa kwa munthu, ndiponso ndi zinthu za Mulungu. Liwu lija lakuti damn ndiko kuweruzira munthu ku chitayiko. Hell ndiyo Gehena. Bastard ndiye mwana wapathengo. Ndipo chimene chinandiwawa mtima koposa ndi ichi, kuti wosewera akadzidzimuka kapena akakwiya afuula dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu, osati popemphera, koma monga ife tingati kalanga. Ndinamva womasulira wina, pomva dzinalo, alikunena kuti, "Apa mkuluyu wayamba kupemphera." Ana anakhulupirira, ndipo tsopano aliponya dzinalo pa mpira akaphonya chigoli. Lamulo lachitatu la pa Eksodo 20 mulidziwa. Ndipo mwana aliphwanya tsiku ndi tsiku, alikuyesa kuti achita zachipembedzo.

Alipo mawu enanso onyoza mtundu wa munthu, amene mwana wa lero sadziwa mwazi uli kumbuyo kwake. Mzungu wa m'kanema akaitana mwamuna wakuda wa ndevu zake kuti boy, amchepsa monga anachepsedwa ambuye athu pa minda ya tiyi. Liwu lakuti kaffir linachokera ku Chiarabu, kumene litanthauza wosakhulupirira. Koma ku South Africa linasanduka chitonzo choopsa, kotero kuti m'chaka cha 2018 bwalo la milandu la ku Randburg linalamula mayi wina wachizungu kulowa m'ndende chifukwa cha kulinena kwa apolisi akuda. Lilipo dzina linanso limene eni akapolo a ku America anatcha nalo anthu akuda. Ndipo ana athu, pomva osewera akuda alikuitanana nalo, ayamba kulonjerana nalo panjira ya kusukulu. Ife a ku Mulanje sitiyenera kuphunzitsidwa kuwawa kwa dzina. Makolo a ambiri a ife, powoloka Ruo ndi Muloza kudzafuna ntchito, anatchedwa Anguru monyoza. Kufikira Lewis Bandawe, yemwe anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, anasonkhanitsa anzake m'chaka cha 1943, napempha boma kuti dzinalo lileke m'makalata ake, ndipo boma linavomera. Ndiponso futseki, amene ena amnena mosewera, ndiwo mawu a Mabunu opirikitsira galu. Bulalifulu ndiwo mawu a bwana wokwiya kwa wantchito wake, omutcha chitsiru. Makolo anawamva nalira. Adzukulu awatola ngati mikanda.

Tsopano ndinene za ntchito ya omasulirawo, ndipo ndiyambe ndi kuyamika, pakuti chilungamo chitero. Mwa iwo alipo aluso ndithu. Munthu mmodzi alankhula mawu a mfumu, a mkazi, a mwana ndi a mbala, osasokoneza. Afupikitsa nkhani yaitali kuti agogo osadziwa kuwerenga aitsate. Ndipo apeza mwambi wa kwathu pamene Mzungu ananena wa kwawo. Ndinamva wina, pamene chigawenga chinanyengedwa ndi mnzake amene chinamkhulupirira, alikuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwe sunamve". Ndipo nyumba yonse inavomera. Winanso, pamene msilikali anatukwana mkulu wake, anati, "Apa wanena mawu oipa, oti sindingawabwereze, taonani nkhope ya mkuluyo." Ameneyo ndimuyesa womasulira wokhulupirika koposa onse ndinawamva, pakuti sanadetse pakamwa pake, ndiponso sananamize omvera. Anthu awa aonetsa kuti Chichewa sichichepa, ndi kuti chikhoza kusenza nkhani ya dziko lililonse.

Koma zolakwa ndinapeza zitatu. Choyamba ndicho kubisa. Womasulira amva chitukwano, napeza manyazi, naikapo mawu ena osalakwa, monga anachita uja wakuti ndikubwera. Ayesa kuti wachita bwino; koma liwu lachilendo lamveka kale, ndipo iye walivala chovala choyera, nalipereka kwa mwana. Afanana ndi munthu wothira mankhwala a mbewu m'botolo la zakumwa, nalisiya pakhonde. Kukadakhala bwino akadazimitsa liwulo konse, kapena akadachenjeza.

Chachiwiri ndicho kuonjeza. Ena, pofuna kuseketsa, aika chitukwano pamene mwini chithunzi sanaikepo. Wosewera wa ku China alonjera mphunzitsi wake mwaulemu, nawerama, womasulira nati, "Iwe mdala wadazi, tandiphunzitsa msanga." Aseka wopunduka, aseka wachibwibwi, aseka mkazi wonenepa, napatsa wopusa wa m'chithunzi kalankhulidwe ka mtundu wina wa kuno kwathu, kuti ana aphunzire kunyoza anansi awo. Apa sitingathe kunena kuti kanema wachilendo waipitsa ana. Wawaipitsa ndi mbale wathu, m'chinenero chathu.

Chachitatu, chimene chiopsa koposa, ndicho kumasulira liwu ndi kuiwala kulemera kwake. Mngerezi akatcha mkazi wokalamba witch, kawirikawiri anena kuti ngwolongolola kapena wouma mtima, ndipo palibe wotenga chikwanje. Womasulira ayang'ana liwulo, nati, "Mfiti yokalamba iwe!" Liwu walipeza ndithu, koma wanama, pakuti kwathu kuno dzina limenelo lipha. Lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa kutcha munthu mfiti. Ndipo tikumbukira kuti mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a kwawo chifukwa cha dzina lomwelo. Mwana womva tsiku ndi tsiku kuti nkhalamba iliyonse ya m'kanema ndi mfiti, adzayang'ana bwanji agogo a maso ofiira a kuseri kwa nyumba yake? Womasulira wabwino ayesa mawu pa sikelo, monga ayesa tiyi wa m'dengu. Afunsa kuti liwu ili lilemera motani kwao, ndi kuti liti la kwathu lilingana nalo.

Kapena wina adzati, nanga m'Buku Lopatulika mulibe kutukwana kodi? Mulimo ndithu, ndipo iwo amene anatimasulira Bukulo, lotuluka lathunthu m'chaka cha 1922, sanakubise. Pa 1 Samueli 20 mfumu Sauli anyoza Yonatani pomchitira manyazi amake. Pa 2 Samueli 16 Simei atemberera Davide, namponya miyala. Ndipo pa Mateyu 5 Ambuye atchula liwu lonyoza la Chiaramu, lakuti Raka, ndiye munthu wachabechabe, nanena kuti wolinena kwa mbale wake apalamula mlandu. Koma taonani kusiyana kwake. M'Bukumo chitukwano chibala chipatso chake poyera: Yonatani anyamuka pachakudya ndi mkwiyo, osadya tsiku lomwelo, ndipo nyumba ya Sauli ing'ambika. M'kanema wa nkhondo wotukwana koposa ndiye ngwazi; atukwana, napha, nakwatira mkazi wokongola, ndipo palibe nkhoswe kapena mfumu yomuitana. Ichi ndicho cholakwa cha zithunzizo mwini wake, chimene ngakhale womasulira wokhulupirika sangathe kuchichotsa: ziphunzitsa kuti mawu alibe mlandu.

Chinthu chinanso chisokoneza ana. M'kanema abwenzi awiri atukwanana, nakumbatirana, naseka. Ifenso tili nako kusereulana kwa pachisuweni, ndi nthabwala za agogo ndi adzukulu awo, ndi za adzukulu a pamaliro. Koma mwambo unaika malire, ndipo mwana aliyense adziwa kuti chimene anena kwa msuweni sanganene kwa amalume kapena kwa apongozi. Achilendowo ali nawonso malire awo. Msilikali uja sakadanena mawu aja kwa amake kapena pamaso pa woweruza. Koma malirewo saoneka pa galasi, ndipo womasulira sawafotokoza. Mwana atola liwu lopanda mwambo wake, monga wotola mpeni wopanda chigwiriro.

Nanga tichitenji, abale? Kutseka nyumba za kanema sitingathe, ndipo tikatseka, foni ili m'thumba. Kukwapula kokha sikuthandiza, pakuti mwana wokwapulidwa chifukwa cha liwu losalidziwa aphunzira kulinena kumbali, koma saphunzira chifukwa chake. Ndipempha makolo kuti tsiku lina mukhale pansi ndi kuonera chimene mwana wanu aonera. Ndipo mukamva liwu lachilendo pakamwa pake, mumfunse mofatsa kuti alitanthauzira motani. Mumuikire lamulo ili, kuti asanene liwu limene sangathe kulimasulira pamaso pa amake. Akulu anati, safunsa anadya phula. Ndipempha aphunzitsi, ndi inu munakhala ku Joni ndi ku Harare, musasunge nzeru yanu kufikira tsiku la mlandu. Muitane anyamata paokha, monga achita anamkungwi, nimuwauze poyera kuti liwu ili litanthauza chakuti, ndipo ukalinena kwa wapolisi pa chipata cha dziko la eni, kapena kwa wokulemba ntchito, udzaona tsoka. Ambiri a ana awa adzamka kukafuna ntchito kutali, ndipo Chingerezi chawo choyamba ndicho cha pa benchi ija.

Ndipo kwa inu omasulira, ngati tsamba ili lifika m'manja mwanu, ndinena monga kwa ana anga. Mphatso muli nayo, ndipo omvera anu achuluka koposa a mlaliki aliyense wa m'boma lino. Chitukwano muchizimitse, kapena muchenjeze kuti n'choipa. Musachiveke tanthauzo labodza. Musaonjeze chipongwe pamene mwini sanaikepo. Dzina la mfiti mulichotse pakamwa panu. Ndipo poyamba chithunzi chosayenera ana, munene ndi mawu anu kuti ichi ndi cha akulu okha. Pakuti chilembo cha R palibe wochiwerenga kuno, koma liwu lanu onse alimva. Yakobo m'chaputala 3 afanizira lilime ndi tsigiro laling'ono lotembenuza chombo chachikulu, ndi kamoto koyatsa nkhalango. Ndipo inu muli ndi chinkuzamawu.

Mlandu uja unatha motere. Amalume anamtengera mwana pambali, namuuza m'Chichewa chomveka chimene ananena. Mwanayo anamka kwa agogo ake, nagwada, nalephera kutulutsa mawu. Agogo namdzutsa, nampatsa chinangwa chootcha. Amalume anapepesa akamwini chifukwa cha kuwanenera chimene sanachite, akamwini navomera kuti sanadziwe kumene mwana wawo amka madzulo. Ndipo onse awiri anakhala pa Gome la Ambuye Lamulungu lotsatira. Mwezi wamawa, akalola Mulungu, ndidzalemba za nyimbo zimene ana omwewa aimba pobwera kusukulu. Tsalani ndi mtendere.